Mamita Anayi ndi Theka

Lolemba, 14 Julaye 2025

Apongozi afika masana kuchokera ku Pembamoyo, ndi thumba la mtedza. Akuti abwera kudzaonetsa bondo ku chipatala cha pa boma. Bondolo ndaliona likukwera masitepe a pakhonde pathu osadandaula ngakhale pang'ono.

Mkazi wanga Joanna wandikokera kuseri n'kundiuza kuti nkhani si bondo. Nkhani ndi kanema wa maliro. Apongozi aamuna tinawaika mu Epulo, ndipo Lovemore wa situdiyo ya kumsika anajambula mwambo wonse. Sabata yatha mayi Consolata a kwaya anauza apongozi kuti tsiku la malirolo anaona munthu wa chipewa ataima kumbuyo kwenikweni, patsinde pa mango, ndipo munthuyo anali Timoti. Timoti mlongo wake wa Joanna (ndizingolemba J.), amene anayambana ndi atate ake n'kuchoka pamudzi zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Kalata ayi, foni ayi. Ine sindinamuonepo, ndinalowa m'banjali iye atapita kale.

Tsikulo apongozi anali pakati pa amayi, nsalu kumutu, maso pansi. Sanaone aliyense. Tsopano akufuna kuona ndi maso awo ngati mwana wawo anabwera kudzaika atate ake kapena ayi.

Ndauza J. kuti asadandaule, wakwatiwa ndi mphunzitsi wa sayansi. Wandiyankha kuti n'chimene chikumudetsa nkhawa.

Lachiwiri, 15 Julaye

Taonera. Kanema ndi uja Lovemore anatumiza pa Watsapu kwa abale onse, ndamuika pa TV yathu ya mainchesi 32.

Makhalidwe a m'chipinda monga mwa masiku onse: ine pa mpando wanga pafupi ndi TV, J. pa sofa, apongozi pamphasa pakhomo la kukhitchini, thupi atalipendeketsa kuti maso athu asakumane mwangozi. Zaka zisanu ndi zitatu za ukwati, ine ndi iwo sitinakhalepo moyandikana, sitinadyepo m'chipinda chimodzi, sitinauzanepo mawu mwachindunji. Mkamwini ndi apongozi. Zonse zimadzera kwa J., ndipo ine amanditchula ndi dzina la mwana wathu Chisomo.

“Uwauze atate ake a Chisomo kuti zikomo potilandira.”

“Akuti zikomo.”

“Uwauze kuti zikomo ndi ife.”

Makutu ndili nawo, digiri ndili nayo, koma ndimadikira womasulira kuchokera m'Chichewa kupita m'Chichewa. J. amati zimenezi anthu a pa boma anasiya kalekale, tatsala awirife ngati anthu osunga nyumba ya zinthu zakale. Ine ndimati ndi ulemu. Zoona zake n'zakuti ndinazolowera, ndipo mtunda umenewu wandipulumutsa ku mafunso ambiri.

Pa mphindi 47 kamera ikuchoka pa abusa, ikusesa khamu, ikudutsa pa mango. Masekondi anayi. Ndaimitsa, ndagwada pa TV. Munthu alipo. Kapena ndinene kuti pali banga lofiirira, pamwamba pake banga lakuda. Timadontho ta chithunzi topanga mutu wake ndatiwerenga ndi nsonga ya cholembera, sitikukwana khumi kuchoka pa chipewa kufika pa chibwano. Akhoza kukhala Timoti, akhoza kukhala khansala, chikhozanso kukhala chitsa chimene wina anakolekapo chipewa.

Kuchokera pakhomo paja: “Uwafunse ngati pafika pamene pali munthuyo.”

Panali patadutsa kale katatu.

Atatuluka kukasenda mtedza wawo ndatenga tepi ya ku labu ndayeza. Kuchoka pa TV kufika pakati pa mphasa: mamita anayi ndi theka.

Lachitatu, 16 Julaye

Ana a giredi 11 lero aphunzira za diso, ngakhale silabasi imati tili pa magetsi. Mphunzitsi akakhala ndi vuto kunyumba, kalasi imalipira.

Lamulo lake n'losavuta. Diso labwino limasiyanitsa timadontho tiwiri ngati mtunda wako sukuposa mpata wa pakati pa timadonthoto kuchulukitsa ka 3,400, kapena chapomwepo. Ukapitirira pamenepo timadontho timasungunuka n'kukhala kamodzi. Ndiye pa TV ya mainchesi 55, ukakhala kupitirira mamita awiri ndi pang'ono, chithunzi cha 4K, cha timadontho tochuluka kanayi, ndi cha HD wamba n'chimodzimodzi. Pa ya mainchesi 32 uyenera kuyandikira mpaka TV imve fungo la zimene wadya. Uthenga umenewu ndaulalikira zaka ziwiri m'chipinda cha aphunzitsi, kumsika, ngakhale pa maukwati: 4K ndi chopereka chimene anthu onyada amapereka kwa amalonda.

Nditaweruka ndapita kwa Lovemore. Pachitseko pake 4K walemba ndi penti yofiira, zilembo zazikulu kuposa dzina lake.

“Ndikufuna kanema wa maliro uja, weniweniyo, monga anatulukira mu kamera.”

“Wa 4K, aphunzitsi?”

“Weniweniyo.”

“Weniweniyo dzina lake ndi 4K. Tatchulani, pakamwa sipatupa.”

“Ine ndinati kuonera 4K uli kutali n'kutaya ndalama. Kujambula ndi nkhani ina.”

“Pa ukwati wa a Manase simunanene choncho. Munati ndimagulitsa mphepo yoika m'botolo. Anthu anaseka mpaka mkwatibwi.”

Ndamufotokozera za Timoti, nthabwala zatha. Wati wa pa Watsapu uja sangathandize. “Watsapu imakonola kanema, aphunzitsi. Mphale imatumiza, gaga imataya. Mlamu wanuyo ali mu gaga.” Mawu amenewo ndikanakonda ndikanawapeza ndine.

Wandiikira pa fulashi, zatenga theka la ola. Pondipatsa waigwira kaye osaitaya. “Koma TV yanu ija ndi ya 4K?” Ndati idzayesetsa.

Lachinayi, 17 Julaye

TV yanga yayang'ana fulashi, yaganiza, yalemba kuti fayiloyi siikuidziwa. Ifenso munthu wake sitikumudziwa, ndiye tagwirizana.

Lachisanu, 18 Julaye

Mu mzere wathu wonse TV ya 4K ili ndi munthu mmodzi, a Clement a sitolo ya simenti ndi malata, mkulu wa mpingo wa Pentekoste. Mainchesi 55. Ndipo mu mzere wathu wonse munthu amene anawachititsa manyazi ndi TV imeneyo ndi mmodzinso. Chaka chatha, tikuonera mpira kwawo, atapita kukayankha foni ndinatsitsa chithunzi n'kuika cha wamba. Atabwerera anakhala pa sofa yawo, mamita anayi, n'kuyamba kutionetsa thukuta la osewera, ati onani abale, dontho lililonse. Ndinawasiya atamande mphindi khumi ndisanaulule. Kuyambira pamenepo amandipatsa moni wa Chikhristu, wopanda mchere.

Lero ndagogoda ndi fulashi m'manja.

“Aphunzitsi. Mwabwera kudzayezanso?”

“Ndabwera kudzapempha.”

“Khalani pansi, ndimve bwino. Mayi, bweretsani tiyi, lero kuli umboni.”

Ndawauza zonse. Anthu awa ukawapeza pa nkhani ya maliro amafewa msanga. Taika fulashi, yatseguka popanda mafunso. Mphindi 47. Tili pa sofa: banga lomwe lija, lokulirapo pang'ono basi. Mtima wanga unayamba kukondwa, ndiyenera kuvomereza, chifukwa masamu anga anali kupambana. Kenako ndanyamuka. Mamita awiri: munthu, jekete, chipewa. Mita imodzi: ndevu, khutu, mthunzi wa masamba pa phewa. Nkhope yonse kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, koma nkhope ndithu, ya munthu amene ali ndi mayi.

“Mwaona?” a Clement ali kumbuyo kwanga.

“Ndaona. Koma ndaona nditachoka pa sofa yanu. Pa sofa yanu palibe chimene chimaoneka.”

“Inu mumaona ndi tepi. Ife timaona ndi chikhulupiriro.”

Anafuna kuti apongozi abwere kudzaonera kwawo. Ndakana, mayi aja sangalire m'nyumba ya eni. Ndiye TV tibwereka mawa, koma Lolemba folo koloko ibwerere, ali ndi mapemphero a m'nyumba ndipo mlaliki wa pa kanema sangaoneke pa khoma.

Pondiperekeza ati, “Mukadzafika m'chipinda cha aphunzitsi mukanene zimene mwaona.” Ndati ndidzanena kuti tonse awiri tinali olondola. Ati ayi, zimenezo si kulapa.

Loweruka, 19 Julaye

TV yalowa m'nyumba ngati mkwatibwi, yokutidwa ndi bulangete, anthu awiri kuinyamula, a Clement kutsogolo akulamula. Yatseka theka la zenera. Yathu ija ndaiika pansi pakona, yayang'ana kukhoma.

J. waona koyamba, pafupi. Wayang'ana nthawi yaitali. “Anachoka alibe ndevu,” basi. Kenako, “Mphuno ikhoza kukhala yake. Kaya.” Anali ndi zaka 19 pamene mlongo wakeyo ankachoka.

Apongozi akhala pamalo pawo pa masiku onse. “Uwauze kuti ndi yaikuludi.”

Ndapempha J. awafotokozere kuti kukula kokha sikuthandiza, ayenera kubwera pafupi, mita imodzi kapena kuchepera. Ndinayamba kunena za 3,400, J. wandiyang'ana, ndasiya.

“Akuti muyandikire, amayi.”

“Uwauze kuti ndikuona bwino pompano.”

“Mukuona chiyani?”

“Anthu.”

Ndamva. Vuto si bondo, si maso, vuto ndine ndi mpando wanga. Ndapatsa J. rimoti ndatuluka kukakhala pakhonde ngati mlendo wodikira mwini nyumba. Koma rimoti ya a Clement ili ndi khalidwe lake: ukadina kubwerera imalumpha masekondi makumi atatu, ukadina kutsogolo chimodzimodzi, ndipo ukadina kuimitsa imayamba yaganiza kaye. Ine ndinaiphunzira dzulo, umadina abusa akangokweza Baibulo. J. amadina mochedwa, kamera n'kukhala itafika kale pa manda, bokosi likutsika. Wabwerera, yafikanso pa bokosi. Kachitatu ndamva nyimbo ija ya kumanda ikuyambanso, kenako chitseko cha kuchipinda. Atate ake awaika katatu masana amodzi.

Nditalowa ndapeza rimoti pa sofa, apongozi abwerera pakhomo la kukhitchini, mphasa yawo ayala pomwe paja. Kaya anayandikira kufika pati. Sindinafunse, womasulira anali atatseka ofesi.

Lamulungu, 20 Julaye

Kutchalitchi m'mawa. Bondo layenda ulendo wonse, kupita ndi kubwera.

Pobwerera apongozi anali kutsogolo ndi amayi ena, ine ndi J. kumbuyo, Chisomo ali kumsana kwa mayi ake. J. wati kanema uja saoneranso, ngakhale ndimugwadire. Kenako wati, “Bwanji mungowauza kuti ndi iyeyo? Inu amakukhulupirirani. Kumudzi amati mkamwini wanga ndi wophunzira, sanama.”

Izi sindinkazidziwa. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti amandiona ngati wailesi imene ana anaiwala kutseka.

Ndati munthuyo sindinamuonepo, ndingalumbire bwanji pa ndevu za mlendo? J. wati ndiye akapanda kukhala iye? “Amayi sanagone bwino chiyambire mayi Consolata kulankhula. Akakhala iyeyo, ndiye kuti ali moyo, ndipo anamva, ndipo anabwera. Akapanda kukhala iye, aikanso maliro ena, opanda bokosi.”

Masana TV yangokhala yofundidwa bulangete. Apongozi asenda mtedza panja mpaka dzuwa kupendeka. Auza J. kuti Lachiwiri abwerera kumudzi, bondo lapeza bwino.

Lolemba, 21 Julaye

Ndaweruka wani koloko, ndathamangira kunyumba. J. ali ku ntchito mpaka faifi, Chisomo ali kwa azakhali ake, TV ikupita folo. M'nyumba ine ndi apongozi basi, popanda wonyamula mawu.

Ndavundukula TV, ndaika fulashi. Iwo ali kukhitchini, lichero la mtedza pamiyendo. Ndaima pakati pa chipinda n'kulankhula ndi kabati ya mbale.

“TV iyi eni ake aitenga folo koloko. Mwina amayi akanakonda kukhala kutsogolo kuno. Ine ndikhoza kuima kukhomoko, rimoti imafika.”

Kenako ayankha, akuuza lichero: “Mwina.”

Tasinthana malo mozungulirana, iwo kudzera mbali ya sofa, ine mbali ya kabati, ngati ngolo ziwiri pa mlatho wopapatiza. Akoka mphasa yawo mpaka patsinde pa TV. Ine ndaima pakhomo la kukhitchini. Pamenepo ndiye ndaona zimene akhala akuona sabata yonse: anthu. Mitu, nsalu, fumbi. Baibulo la abusa ndinaliona movutikira, ndipo ndadina mochedwa. Ndabwereza, ndaimitsa bwino kachiwiri.

Koma TV ya mainchesi 55 ukaiyandikira ndi munda. Anthu mazana awiri, aliyense ndi nkhope yake tsopano. Ndawaona akuyenda ndi chala pagalasi, kuyambira pansi, mzere ndi mzere, ngati akufuna dzina pa chikalata cha feteleza. Ndauza kabati kuti munthuyo ali kumtunda, chakumanzere, pansi pa mango. Mitengo ya mango pachithunzipo ilipo itatu. Chala chapita pa wolakwika, chaima pa mkulu wina wa dazi, chabwerera. Ndauzanso kabati kuti mango wapakati. Chala chatsika m'malo mokwera. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti thiri.

Ndiye atembenuka. Osati kwa lichero, osati kwa khoma. Kwa ine, maso ndi maso.

“Atate ake a Chisomo, bwerani mundilozere.”

Miyendo yanga inayamba yafunsa kaye ngati yamva bwino. Ndapita. Kuima pamwamba pawo sikukanatheka, mpando unali kutali, ndiye ndakhala pansi, m'mphepete mwa mphasa, buluku la ku sukulu ndi choko chake. Ndaloza.

Ayandikira mpaka mpweya wawo kuchita nthunzi pagalasi. Ayang'ana.

“Muyendetseni,” atero. “Munthu woima ngati chithunzi sindingamudziwe.”

Ndabwerera, ndasiya kanema ayende. Masekondi anayi: munthu uja akuweramira kwa mnzake wa pambali, akunena kanthu, kenako akuvula chipewa ndi dzanja lamanzere n'kuchipana m'khwapa. Ine masiku onsewa ndimaimitsa kuti ndiwerenge nkhope, za dzanjazo sindinaziganizireko.

“Bwerezani.”

Ndabwereza. Nthawi iliyonse ndimadina msanga kamera isanafike ku manda.

“Bwerezaninso.”

Kasanu ndi kawiri. Pomaliza abweza msana, apukuta galasi ndi nsonga ya chitenje pamene panali nthunzi paja.

“Ndi iye. Chipewa m'khwapa ngati atate ake.” Apuma pang'ono. “Waonda.”

Sanalire. Ine ndinayang'ana rimoti ngati ili ndi mabatani atsopano. Ndimayembekeza kuti tsopano anyamuka, akoka mphasa, tibwerera aliyense ku dziko lake. Koma chala chabwereranso pagalasi, pa munthu wa pambali uja.

“Uyu akulankhula nayeyu mukumudziwa?”

“Ayi, amayi.”

“Ndi Oliver wa ngolo. Mwezi wathawu wanditutira mtedza kuchokera kumunda maulendo atatu. Tinacheza za mvula, za ng'ombe yake yodwala. Za mwana wanga, kukamwa kuli gwa.” Apinda manja. “Mawa mumaweruka nthawi yanji?”

“Wani koloko.”

“Mundikweze pa njinga yanu yamoto, tikamupeze asanamve kuti tikubwera. Akayamba kuzungulira, mudzamufunse ndinu. Inu mafunso mumawatha.”

“Chabwino, amayi.”

Panja a Clement anali atayamba kale kuodira, ndi anthu awo awiri ndi bulangete lina. Ndanyamuka kukatsegula.

Njinga ija mpando wake ndi umodzi, ndipo msewu wa ku Pembamoyo ndi mabampu okhaokha.